Mvula Inagwa Fingoe Yense Kupatula M'kapu Mwanga

Ndiyambe ndi pempho. Inu a zanyengo a ku Tete, ngati mukusungabe pepala la mvula ya ku Fingoe la Dezembru uja, chonde kolezerani moto. Ndine ndinatumiza manambala amenewo, ndipo mulibe yoona ngakhale imodzi. Komatu bodza lenileni ndinanena tsiku limodzi lokha. (Ndikudziwa, umu ndi momwe amayankhulira anthu olakwa. Ndine wolakwa. Koma ndimvereni kaye.)

Ine ndili ndi sertifikadu ya zaulimi. Ndimanena msanga chifukwa palibe amene amandifunsa. Yakhala zaka zitatu m'chikwama pansi pa bedi, pamodzi ndi khadi ya sikelo ya mwana wanga Lusiya, ndipo pa mapepala awiriwa lomwe limatuluka kukaona dzuwa ndi la sikelo. Bambo ake Lusiya ali ku migodi ya golide, amabwera mwa apo ndi apo. Pakhomo timakhala atatu: ine, Lusiya, ndi apongozi anga, omwe ndimawaitana kuti Amama.

Ndiye tsiku lina Lamulungu analengeza m'tchalitchi kuti a zanyengo akufuna anthu odzipereka, odziwa kulemba ndi kuwerenga, oti aziwauza za mvula ndi mphepo ya kuno. Malipiro palibe. Koma wogwira bwino miyezi itatu adzamulembera kalata yomuchitira umboni, yoti akhoza kukafunsira nayo ntchito. Nditamva mawu oti kalata, ndinaimirira nyimbo isanayambe. Anthu anandiyang'ana, ndinanamizira kuti ndikutonthoza mwana.

Anatiphunzitsa masiku awiri. Mphunzitsi wake anali tekiniku wina wamtali, woonda, dzina lake Senyoro Gervaziyu, munthu amene nkhope yake imaoneka ngati sinasekepo chibadwire. Aliyense anamupatsa zinthu zitatu: kabuku, kamizeti yobiriwira (tisheti, kwa osadziwa), ndi kapu yaitali ya pulasitiki yokhala ndi timizere ta manambala. Dzina lake lenileni ndi pluviyometro, koma tonse tinkangoti kapu.

Ntchito zinali ziwiri. Yoyamba, m'mawa uliwonse uziona madzi a mvula omwe alowa m'kapu, n'kutumiza nambala pa gulu lathu la pa telefoni. Yachiwiri, kukabwera chimvula choopsa, matalala, kapena mphepo yosasula madenga, uzitumiza uthenga nthawi yomweyo kuti iwo achenjeze ena.

"Musalembe zimene mukuganiza," anatero Senyoro Gervaziyu, chala chili m'mwamba. "Musalembe zimene anena anzanu kumsika. Lembani zimene zili m'kapu. Mwamva?"

"Tamva, shefi!"

Ine ndinayankha mokweza kuposa onse. Ndinabwerera kunyumba nditavala kamizeti pamwamba pa diresi, ndikuyenda pakati penipeni pa msewu kuti anthu a pa njinga azindilizira belu n'kundiona. Ndinadzera kumsika popanda chogula. Kawiri.

Pali chinthu chimodzi chimene sanatifunse pa maphunziro aja, nanenso sindinachitchule. Ine mphenzi ndimaiopa. Si kuopa kwa munthu wamkulu kongoti "eee, kwagunda." Kukangong'anima kamodzi, miyendo imaganiza yokha. Ndimanyamula Lusiya, kuthamangira kuchipinda, kutseka zenera, kudzikwirira m'bulangeti mpaka mutu, ndipo sindituluka kufikira nkhuku zitayambanso kuyenda pabwalo. (Ndimauza anthu kuti ndimachitira mwana. Lusiya mabingu amamuseketsa, amawaombera m'manja.) Munthu wotere ndiye amene anadzipereka kukhala maso a boma pa nkhani ya mikuntho.

Kapu ndinaiika monga anatiuzira: pa mtengo wozika, kuseri kwa nyumba, kutali ndi denga ndi mtengo wa mango. Imangokhala m'kachitsulo kozungulira, yosamanga, kuti uzitha kuichotsa potaya madzi. Ndili mkati moyeza ngati yaongoka, Amama anafika atagwira tsache.

Amama ndi munthu wosamala zinthu mochititsa mantha. Nthawi ya nkhondo anathawira ku Zambia ndi mbale zisanu ndi imodzi za dothi loyera, anakhala kumeneko zaka, n'kubwerera nazo zonse zisanu ndi imodzi popanda yobenthuka. Zilipo mpaka lero m'kabati. Sitidyera.

"Amake Lusiya, chimenechi n'chiyani?"

Apa ndi pomwe ndinalakwira, abale. Ndikanangoti, "Iyi ndi kapu yokolera mvula." Mawu asanu okha. Koma kamizeti inali itandilowa m'mutu.

"Ichi ndi pluviyometro, Amama," ndinatero, lilime ndikulipinda ngati wa ku Maputo. "N'cha boma. Chachokera ku Tete. Ndasainira. Chikangoonongeka, ine ndapita kundende."

Zakundendezo palibe anazinena. Ndinangoonjezera kuti zikome.

Amama anaika tsache pansi. Anayang'ana kapu ija, n'kuyang'ana ine, n'kuyang'ana Lusiya kumsana kwanga.

"Kundende? Mwana akuyamwa?"

"Ndi malamulo, Amama."

"Ayi," anatero pang'onopang'ono. "Pakhomo pano sipachoka munthu kupita kundende."

Ndinamva kukoma mumtima. Ndinati apongozi anga ayamba kundilemekeza.

Patapita masiku atatu, chimvula choyamba chinabwera masana, kuchokera mbali ya ku Zambia. Kunada bii, mphepo inayamba kuzunguza masamba, kenako kung'anima. Ine phaa, m'bulangeti. Koma ulendo uno ndinalowamo ndi telefoni. Ndinatchera khutu ku malata, ndikumva momwe akulirira, n'kulemba kuti: "Fingoe: mvula yamphamvu kwambiri, mphepo, mabingu." Ndinatumiza.

Posakhalitsa yankho linabwera: "Obrigadu, Dona. Pitirizani."

Dona! Ine! Ndinavina m'bulangeti momwemo, chogona, mapewa okha. Ndinauza Lusiya kuti amake tsopano akudziwika ku Tete. Iye anandikoka mphuno.

M'mawa mwake ndinavala kamizeti, kutenga kabuku ndi cholembera, n'kuyenda m'matope ofika m'kakolo kupita kuseri kwa nyumba. Mumtima ndinkati mwina 30, mwina 40. Ndinawerama, diso pa timizere monga anatiphunzitsira.

Youma. Mbee. Yonyezimira ngati yangotuluka m'sitolo.

Ndinaipendeketsa. Ndinaigwedeza. Ndinaloza nayo dzuwa. Ngakhale kadontho. Pansi pa mapazi anga chule akusambira, koma m'kapu muli chilimwe.

Munthu wosaphunzira akanafuula kuti "Amama, tabwerani mudzaone zodabwitsa!" ndipo nkhani ikanathera pomwepo. Koma ine ndili ndi sertifikadu. Ndinayamba kuganiza mwasayansi. Ndinati mwina mphepo inali yamphamvu moti mvula inkagwa chopingasa, n'kumadutsa pamwamba pa kapu osalowa. (Musaseke. Zinandikhutiritsa.) Ndinakumbukira chala cha Senyoro Gervaziyu, n'kutumiza: "Fingoe: zero."

A ku Chipera anatumiza 28. A ku Malowera 35.

Patapita masiku awiri, chimvula china. Ine m'bulangeti: "Fingoe: mvula yoopsa, denga likufuna kuchoka." M'mawa: zero.

Apa mantha anandigwira. Ndinati kapu yabooka, ndipo zakundende zija, zomwe ndinapeka ndekha, ndinayamba kuzikhulupirira. Ndinadikira Amama apite kumunda, ndinathira madzi a m'chitsime m'kapu ija, n'kukhala pambali pake ola lathunthu ndikuyamwitsa mwana, maso pa mzere. Madzi sanatsike. Kapu inali bwinobwino. Ndiye wodwala ndani? Ndinataya madzi aja, n'kupita kukagona mutu ukuwawa.

Sabata yachiwiri, gulu linayamba kundiseka. Bambo wina wa ku Chipera, woweta mbuzi, amene pa maphunziro ankandifunsa ine kalembedwe ka mawu oti milimetro, analemba kuti: "Mana, kodi ku Fingoe mwafolera mudzi wonse ndi malata? Tiuzeni mtengo wake nafenso tifolere."

Wa ku Malowera: "Ayi, mvula ya ku Fingoe ndi yaulemu. Imagwa n'kubwerera kumwamba isanasokoneze munthu."

Timitu toseka tinadzaza telefoni yonse. Ine ndinali nditaima pakati pa nyumba, matewera osauma atapachikidwa paliponse, pa mipando, pa chitseko, pa chingwe cha neti, nyumba yonse ikununkha chinyezi, ndikulemba kuti kwathu kulibe mvula.

Kenako Senyoro Gervaziyu anaimba.

"Dona, bondiya. Dzulo masana munatiuza kuti mvula ikugumula zimbudzi."

"Inde, shefi."

"Lero mwatiuza zero."

"Inde, shefi."

"Zimbudzizo zinagumuka ndi chiyani?"

Lusiya anayankha m'malo mwanga, anabwebweta zakezake.

"Kapu ili pamalo pake?"

"Ili pomwepo, shefi. Ndikuiona m'mawa uliwonse."

"Tamverani, Dona. Pa mapu athu, dera lonse ndi lonyowa, koma pakati pali kadontho kamodzi kouma, ndipo kadonthoko ndi inu. Akuluakulu ayamba kufunsa. Zikapitirira chonchi, kapu tipatsa wina."

Kapu kupatsa wina ndiye kuti kalata yapita. Ndinaona sertifikadu yanga ikukalamba pansi pa bedi mpaka Lusiya kudzaipeza ali ndi ana ake.

Tsiku lomwelo masana inagwanso. M'mawa, zero. Ndipo apa ndi pamene ndinachita chinthu chija.

Pakona pa nyumba pali ndowa yaikulu yochapira matewera, imene timaika pansi pa malata kuti izikola madzi a padenga. Inali yodzaza mpaka kukamwa. Ndinaiyang'ana. Inandiyang'ana. Ndinati, kodi awa si madzi a mvula? Ndi a mvula. Agwa dzulo? Dzulo. Agwera ku Fingoe? Ku Fingoe. Ndiye bodza lili pati?

(Kuti denga lonse limasonkhanitsira madzi ake mu ndowa imodzi, ndinkadziwa. Tinaphunzira chaka choyamba ku shikola ya zaulimi. Koma mantha akafika, maphunziro amatuluka kukadikira panja.)

Ndinathira. Kapu inadzaza, mu ndowa madzi osaoneka n'kutsika komwe. Ndinataya, ndinathiranso, inadzazanso. Ndinaona kuti ndikapitiriza ndifika pa nambala yosatchulika, choncho ndinalekera pa ziwiri, chifukwa ine si munthu wadyera. Ndinaonkhetsa bwinobwino, masamu ndimawatha. Ndinatumiza: "Fingoe: 240."

Mtima unakhala pansi. Ndinayamba ngakhale kuimba.

A ku Chipera tsiku limenelo anali ndi 31.

Telefoni inalira ndisanamalize ndime yoyamba ya nyimbo.

"Dona! Muli pamalo okwera? Mwana ali bwino?"

"Ali bwino, shefi, akudya mango."

"Milatho ilipo? Msika ulipo? Anthu a m'mphepete mwa mtsinje atuluka?"

"Zilipo... ndikuganiza kuti zilipo."

"Mukuganiza." Senyoro Gervaziyu anabwereza mawu angawo. "Nambala imeneyi ikakhala yoona, ndiyenera kuchenjeza anthu pa wailesi kuti asamuke. Ikakhala yabodza, ndisamutsa anthu pachabe, ndipo tsiku la chigumula chenicheni sadzandimvera. Ndiye ndikufunsani kamodzi. Ndichenjeze?"



"Mwina... mudikire pang'ono, shefi."

"Ndili ku Chipera. Mawa ndili pakhomo panu."

Koma pa gulu nambala inali itaoneka kale. Wa mbuzi uja analeka nthabwala, anatumiza pemphero lalitali. Wa ku Malowera anati kwake kuli chipinda, tibwere ndi mwana. Ndipo chifukwa mlamu wa wina wake amakumba golide, nkhani inafika kumigodi dzuwa lisanapendeke. Bambo ake Lusiya anaimba akupuma wefuwefu.

"Amake Lusiya! Akuti Fingoe yakokoloka! Mbuzi zanga zili moyo?"

"Mbuzi? Mwayamba kufunsa mbuzi?"

"Inu ndakumvani mawu, ndiye kuti mulipo. Mbuzi sizingayankhe telefoni."

Nkhani imeneyo tidzaikambabe ine ndi iwo.

Senyoro Gervaziyu anafika tsiku lotsatira chakumasana, pa mota, njinga yamoto, matope kuyambira kunsapato mpaka m'makutu. Amama atamva kuti mlendoyo ndi wa boma, mwini wake wa chinthu chija, anasintha kapulana, chitenje chawo, anatulutsa mpando wabwino pakhonde, ndipo (izi sindinazionepo chikwatiwire) anatsegula kabati n'kutenga imodzi mwa mbale za ku Zambia, kuikamo mango osenda. Kenako anabwerera ku ntchito zawo, chifukwa anali atayanika ufa pamphasa.

Tinapita kuseri. Tekiniku anayeza mtengo, anayang'ana kutalika kwa denga, anachotsa kapu, anaipenda mbali zonse.

"Malo ndi abwino. Kapu ndi yabwino." Anainunkhiza. "Dona, ndayendera makapu ambiri. Mumapezeka masamba, akangaude, zitosi za mbalame. Ina ndinapezamo buluzi. Iyi ikununkhira sopo."

"Ndine waukhondo, shefi."

"Mumaitsuka?"

"Ayi."

Anandiyang'ana. Anabwezera kapu pamalo pake. Tinabwerera pakhonde, anakhala pansi, anatsegula kabuku kanga, chala n'kuima pa 240.

Sindinadikire funso. Ndinaulula zonse za ndowa, maso ali pa zala za kumapazi. Ndinafotokoza ngakhale za kulekera pa ziwiri, poganiza kuti mwina andiyamikira kudziletsa.

Sanandiyamikire. Anatseka kabuku mwakachetechete.

"Zero ndikanapirira," anatero. "Koma nambala yopeka ikhoza kupha munthu. Ndikadya mangowa, kapu ndinyamula."

Misozi inali itafika kale m'mphuno. Ndipo nthawi yomweyo, kumadzulo, kunagunda.

Sindinaone kuti kwada liti. Mphepo yozizira inadutsa pabwalo, nkhuku zinathamangira kunsi kwa nkhokwe. Kunang'anima. Miyendo yanga inati tiye. Manyazi anati ukapita pamaso pa shefi, usadzatulukenso. Ndinangoima pakhonde ngati mzati, Lusiya ndamukumbatira.

Amama anatulukira kukhitchini akuthamanga.

"Mvula! Anulani! Anulani!"

Mukudziwa momwe zimakhalira pakhomo mvula ikamabwera. Chilichonse chili ndi nthawi yake. Anayamba ndi ufa: kukokera pakati, kupinda mphasa, m'nyumba. Matewera pachingwe, phwi phwi phwi, paphewa, m'nyumba. Nkhuni, m'khitchini. Nsapato za mlendo zomwe anaziyanika, pakhonde. Madontho oyamba anayamba kulira pa malata. Kenako ndinawaona akupukuta manja pa kapulana, akuzungulira kuseri kwa nyumba.

Anabwerako akuyenda pang'onopang'ono, ngati wonyamula mtanda pa mwambo wa tchalitchi. Manja awiri. Kapu ya boma ataifunditsa nsonga ya kapulana, iwo atawerama kuti msana wawo uitchinge ku madontho.

Atafika pakhonde anapinda maondo pang'ono pamaso pa mlendo, nkhope ikuwala ndi kunyada.

"Musade nkhawa, shefi. Chinthu chanuchi chibwerere pano sichinanyowepo ngakhale tsiku limodzi."

Mvula yokha pa malata.

Senyoro Gervaziyu anali ndi chidutswa cha mango pakamwa. Sanatafune. Sanameze.

"Mayi," anatero potsiriza, "mumachichotsa... nthawi zonse?"

"Nthawi zonse! Kukangoda, ine ndafika. Ndimachiika m'kabati pamodzi ndi mbale, n'kuchivundikira. Ikakata, ndimachipukuta n'kuchibwezera, kuti mwini wake akabwera ndi kabuku achipeze pamalo. Madzulonso ndimalowetsa, chinthu cha boma sichingagone panja ngati mbuzi. M'mawa posesa ndimatulutsa. Loweruka ndimachitsuka." Anandiloza ndi chibwano. "Awa ali ndi mwana wamng'ono. Ndende sangaithe."

Ndinamva phokoso lachilendo, ngati mota imene ikukana kulira. Ndinacheuka. Anali tekiniku. Mapewa akugwedezeka, mutu uli pa maondo, dzanja likumenya mpando. Munthu uja amene ndinkati sanasekepo chibadwire anali kubweza ngongole ya zaka zonsezo pakhonde pathu. Anayesa kuyankhula, kunangotuluka kamluzu.

Nanenso chinandigwira. Ndinaseka misozi ili m'masaya, Lusiya naye n'kuyamba kukuwa ndi chimwemwe osadziwa nkhani. Amama okha ndi amene anaima chilili, kapu ili pachifuwa.

"Chikuseketsa n'chiyani?"

"Amama," ndinatero ndikupuma movutika, "ntchito ya kapuyo ndi kunyowa. Imakola mvula kuti tiziyeza."

"Kunyowa?"

"Inde, Amama."

"Chinthu chokongola chonchi, achinyamule kuchokera ku Tete, pa galimoto, kuti chidzanyowe kuno? Ku Tete kulibe mvula?" Anatembenukira kwa ine. "Nanga inu osanena bwanji? Munangoti pulu-pulu chiyani kaya, ndi ndende."



Tekiniku anapukuta maso ndi chipewa. Ndinkaganiza kuti zatha, ndapulumuka. Koma munthu uja ndi wa mafunso.

"Chimodzi chokha, Dona. Masabata awiri mayi akhala akunyamula kapu mvula iliyonse, kudutsa nayo pakhomo pano. Inu, amene mumatiuza za mphepo ndi mabingu, simunawaonepo? Mumakhala muli kuti?"

Ndinatsegula pakamwa kuti ndipeze bodza laulemu. Amama ananditsogolera.

"Awa? Amakhala ali m'bulangeti."

"M'bulangeti?"

"Mpaka mutu. Kukangong'anima, simuwaonanso. Mumangoona kuwala kwa telefoni kukutuluka m'mabowo."

"Ndiye mauthenga aja..."

"Ndimamvera pa malata, shefi," ndinanong'ona.

Anayambiranso kuseka. Ulendo uno anachita kutsika pampando.

Atapezanso mpweya, anatsegula kabuku patsamba latsopano n'kuyamba kufunsa Amama. Mvula ya Lachiwiri inayamba nthawi yanji? Amama anati ana a shikola ya m'mawa atangodutsa. Inachokera kuti? Uku. Matalala anagwapo? Kamodzi, Lachisanu, ang'onoang'ono ngati nandolo, anaboola masamba a maungu. (Matalala! Ine sindinadziwe n'komwe. Ndinkangoti malata alira mwamphamvu.) Munthu amene amathamangira panja mvula iliyonse amadziwa mvula iliyonse. Tekiniku analemba tsamba lonse, ine wa sertifikadu nditaima pambali ngati mlendo.

Kenako anatseka kabuku, n'kukagwira m'manja osandipatsa.

"Zandowa zija sindinaiwale, Dona."

"Ndikudziwa, shefi."

"Koma nditakufunsani za wailesi, munati ndidikire. Chimenecho ndachiwerengera. Miyezi itatu ija tiyambira lero, kuchokera pa chiyambi. Mukadzapekanso nambala, ngakhale imodzi, ndidzabwera ndekha kudzatenga kapu, ndi kamizeti yomwe. Tsopano kapu ibwerere pamalo pake, koma..."

Sindinamve zotsalazo. Ndinangomva kuti ibwerere. Ndinaponya Lusiya m'manja mwa Amama, kulanda kapu, n'kudumphira m'mvula.

Abale, ndinathamanga ndikukuwa. Osati mawu, kungokuwa basi, kuchokera pakhonde mpaka kuseri. Madzi m'maso, matope m'miyendo. Ndinaika kapu m'kachitsulo kake, ndipo ndinamva kadontho koyamba kakugwera mkati, tho! Kenako ena, tho tho tho! Ndinaima pamenepo ndikuseka ngati wamisala, ndikuuza kapu kuti imwa, mwanawe, imwa, wakhala ndi ludzu nthawi yaitali. Kenako kumwamba kunang'ambika pamutu panga penipeni, ndipo sindikudziwa kuti ndinabwerera bwanji. Ndinangopezeka ndili pakhonde, kuseri kwa Amama, nkhwaila imodzi palibe.

"Ndimati," anatero tekiniku, "koma mudikire mabingu athe. Sitituma munthu panja kukung'anima. Pa zenera m'pokwanira. Ndinanena pa maphunziro."

Mwina ananenadi. Nthawi imeneyo ndinali kuyesa kamizeti.

M'mawa mwake ndinatumiza 22, nambala yanga yoyamba yoona. Wa mbuzi wa ku Chipera analemba kuti, "Aleluya, denga la Fingoe labooka." Ndinamusiya. Anandipempherera pa nthawi ya chigumula changa, ali ndi ufulu.

Tsopano kapu tinaimanga ndi waya, imamasulidwa ndi ine ndekha. Kukada, ndimaima pa zenera, bulangeti lili pamapewa, koma maso ali panja. Ndaona zinthu zomwe sindinkazidziwa: kuti mvula imaoneka ikubwera ngati nsalu yotuwa kuchokera kuphiri, kuti mphepo imayamba yatembenuza masamba a mango kuonetsa kumimba kwake. Sabata yatha ndinachenjeza za matalala ndisanawamve pa malata, ndipo a ku Chipera akuti analowetsa mbuzi nthawi ilipo.

Vuto ndi lakuti zenera limaona kumwamba ndi pabwalo, koma kuseri kwa nyumba silifikako.

Amama anavomera zonse ndi pakamwa. Koma mvula ikayamba amaima pakhomo, manja akuyabwa, akuyang'ana mbali ya kuseri ngati kuli mdzukulu amene tamutsekera panja. Tsiku lina anandifunsa mwaulemu ngati kapepala ka pulasitiki pamwamba pokha kangalakwitse. Ndinati kangalakwitse, Amama. Anati chabwino.

Lachinayi lapitali inagwa yamphamvu, maola awiri osakata, mpaka ngalande ya kumsewu inasefukira. M'mawa ndinapeza m'kapu muli 3. Pobwerera m'nyumba ndinaona ambulera ya Amama itatsamira kuseri kwa chitseko, ikudontha, chonsecho iwo anati sanatuluke.

Ndinakhala pansi ndi telefoni nthawi yaitali. Ndowa inali pakona paja, yodzaza, ikundiyang'ana. Ndinaifulatira. Ndinalemba kuti: "Fingoe: mvula inagwa yambiri, nambala yoona palibe. Chifukwa chake: ambulera."

Yankho linabwera: "Talandira, Dona. Tsikuli lawerengedwa. Moni kwa mayi."

Kwatsala milungu isanu kuti kalata ilembedwe. Ndikudziwa kuti chofunika ndi kukhala nawo pansi apongozi anga n'kukambirana momasuka, mawu osavuta, monga ndikanachitira tsiku loyamba lija. Ndikudziwa ndithu.

Ambulera ija ndaibisa m'nkhokwe, pansi pa chimanga. Akuifunafuna mpaka lero, ndipo ine ndikuwathandiza kufuna.